Zomba kwa wofuna kusamukirako ndi bizinesi ya agalu: madzi ndi phiri zilipo, makasitomala ali ku Blantyre

Munthu akakwera phiri la Zomba m'mawa wa Loweruka, n'kuima pa Emperor's View nyanja ya Chilwa ili mbee kumunsi, Mulanje akuonekera chapatali, amatsika ndi ganizo loti angosamukira konkuno basi. Ganizoli limawagwira kwambiri anthu a bizinesi zing'onozing'ono za agalu ndi amphaka: osambitsa, ometa, osunga agalu eni ake akapita kutchuthi, ndi ogulitsa zakudya zawo. Ambiri mwa iwo ndi okondanso kuyenda m'tchire, ndiye Zomba imaoneka ngati yawaphikira kale nsima ndi ndiwo yomwe. Taiyeza Zomba monga mmene munthu amayezera nyumba asanalipire lendi, kutsegula mipope ndi kuyang'ana kudenga, ndipo chigamulo chathu tineneretu. Pa zosunga agalu ndi kuwayendetsa m'phiri, malo ngati Zomba ndi osowa m'Malawi muno. Koma zotsegulako shopu n'kumadikira ogula pakhomo, mudzagwa nayo.

Vuto ndi chiwerengero cha anthu olipira. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 105,013 mumzinda wa Zomba, pamene Blantyre inali ndi 800,264, Lilongwe 989,318, Mzuzu 221,272. Agalu ndiye ali ponseponse, ku Chikanda, ku Chinamwali, ku Sadzi, koma galu wa pakhomo lambiri ndi mlonda wodya mkute ndi mitu ya usipa, ndipo mwini wake akamva zoti kuli anthu olipiritsa kusambitsa galu amangoseka. Kasitomala wanu ndi wina: aphunzitsi a ku University of Malawi ku Chirunga, akuluakulu a maofesi ngati National Statistical Office ndi MANEB, maofesala a ku Cobbe Barracks, ogwira ntchito m'mabungwe, eni malo ogona alendo, ndi opuma pantchito amene anamanga kuno. Likulu la dziko linachoka ku Zomba mu 1975, Nyumba ya Malamulo n'kutsatira mu 1994, ndipo akazembe ndi mabungwe akuluakulu, amene antchito awo ndiwo amalipira bwino pa ziweto zapakhomo, ali ku Lilongwe. Nyumba za mabwalo aakulu zokhala ndi agalu osamalidwa zili ku Mulunguzi, Old Naisi, Mangasanja ndi Kalimbuka, ndipo pa njinga yamoto mutha kuzizungulira zonse dzuwa lisanafike paliwombo. Yerekezani ndi Namiwawa, Nyambadwe, Sunnyside ndi Mount Pleasant ku Blantyre, kapena Area 10, 43 ndi 47 ku Lilongwe, muona kuti chitsime cha ku Zomba n'chosazama.

Chimene chimaipulumutsa Zomba ndi msewu wa M3. Kuchoka ku Zomba kudzera pa Thondwe, Namadzi ndi Njuli mpaka ku Limbe ndi makilomita pafupifupi 65, ola limodzi ndi mphindi zingapo ngati simunatsekerezedwe ndi malole. Banja la ku Namiwawa lopita kunyanja kapena kunja kwa masabata awiri silisamala kuti galu wawo akagona mtunda wautali bwanji, bola mudzamutenge pageti n'kudzamubwezera pageti pomwepo ali wonenepa, wopanda nkhupakupa, ndiponso muziwatumizira zithunzi pa WhatsApp akuthamanga m'nkhalango. Ndiye bizinesi yoti ikhazikike ku Zomba imayenera kumangidwa chonchi: ndalama yaikulu ichokere ku agalu ogonera a ku Blantyre, kusambitsa ndi kumeta a mu Zomba zikhale zoonjezera, ndipo zakudya muzigulitsa pa oda, kubwera nazo pa ulendo womwewo wokatenga agalu. Galimoto isamapite ku Blantyre tsiku lililonse. Ikani masiku awiri odziwika, monga Lachisanu ndi Lolemba, ndipo wofuna tsiku lina alipire mafuta onse yekha.

Musanapereke ndalama kwa ejenti wa nyumba, yesani msika muli komwe muliko. Kwa masabata 8, pitani ku Zomba Loweruka lililonse ndi ndowa, shampu, makina ometera ndi chodulira zikhadabo, muzisambitsa agalu pakhomo pa eni ake. Lembani mayina a obwereza. Oyamba kuitana sakuuzani kanthu, ambiri amangofuna kuona. Amene aitana kachitatu ndiwo makasitomala. Masamu a makola nawonso achitidwe mosadzinyenga. Zipinda 8 pa mwezi wa masiku 30 ndi malo ogona 240, koma zimadzaza pa Khrisimasi, pa Isitala ndi nthawi ya tchuthi cha sukulu basi. February ndi March kumakhala zii. Werengerani 80 okha pamwezi, ndipo ngati 80 amenewo sakulipira lendi, wantchito mmodzi, mlonda, chakudya ndi mafuta, nyumba imeneyo isiyeni ngakhale ili ndi khonde loyang'ana kuphiri.

Pa madzi, Zomba ikuposa Blantyre kutali. Madzi a mumzindawu amachokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri, ndipo Southern Region Water Board imawatsitsa ndi mphamvu ya kutsetsereka kwa malo. A ku Blantyre ambiri amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, kukwezedwa mtunda wa mamita mazanamazana ndi magetsi, ndiye magetsi akavuta mipope nayo imauma. Kwa munthu wa agalu iyi si nkhani yaing'ono. Galu wapakatikati wa ubweya wautali amatha malita 30 mpaka 40 kuti asambe n'kutsukuluzidwa bwino, ndipo shampu ikatsalira pakhungu ndiye kukanda kumayamba, kasitomala n'kumati mwamupatsa mphere. Kutsuka zipinda 8 kawiri patsiku kumadya malita ena 200 kapena kuposa, osawerengera mabulangete ndi mbale. Thanki ya malita 2,000 pa nsanja ya mamita 3 ikhalepobe, chifukwa mapaipi amaphulika kulikonse. Ndipo si dera lililonse la Zomba lomwe madzi amafika ndi mphamvu. Nyumba mukaikonda, pitani mukatsegule mpope wa panja 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo, nthawi yomwe aliyense akutunga. Ndowa ya malita 20 ikatenga mphindi zoposa 3 kuti idzaze, dziwani kuti payipi yotsukira makola izingodontha. Malo a ku Thondwe ndi ku Namadzi amakuyandikitsani ku Blantyre ndipo mabwalo ake ndi aakulu, koma kumeneko funsani kaye ngati madzi ndi a mpope kapena a mjigo.

Madzi otsukira asamapite mu ngalande ya mumsewu. Mitsinje ya m'tauni muno, Mulunguzi ndi Likangala, imakathera ku Chilwa, ndipo mankhwala a nkhupakupa monga amitraz amapha nsomba. Kumbani dzenje lanulanu lomwerera madzi, lakuya mamita 2, mudzazemo miyala, likhale kutali ndi chitsime chilichonse mamita osachepera 30. Pakamwa pa payipi ikani kasefa kogwira ubweya. Mukapanda kutero, mwezi sudzatha payipi isanatsekeke.

Magetsi ndi a ESCOM omwewo, kuzima kwake n'chimodzimodzi ndi kwina. Makina ometera gulani a batire, mabatire awiri. Chovuta ndi chowumitsira ubweya, chomwe chimakoka mawati 2,000 kapena kuposa, ndipo kainveta ka sola koyatsira mababu ndi TV kamangolira n'kuzima mukachilumikiza. M'miyezi yotentha mutha kuumitsa ndi matawulo ndi dzuwa. Koma June ndi July, chiperoni chikagwa, phiri lonse litabisala mu nkhungu ndipo kamvula kakuwaza tsiku lonse, German Shepherd wosamba 10 koloko amafika madzulo akadali wonyowa kunsi kwa ubweya, ndipo pakhungu ponyowa m'pamene pamabuka zilonda zonyeka zija zomwe galu amanyambita mpaka kufiira. Kaya mugule jenereta ya 3 kVA, kaya musalandire agalu a ubweya wambiri tsiku lopanda magetsi.

Chinyontho chimenechi ndiye mtengo womwe mumalipira pa kukongola kwa Zomba, ndipo apa tikhalapo pang'ono, chifukwa ndi pamene obwera kumene amagwera.

Choyamba ndi mphutsi za pakhungu. Ntchentche yake imaikira mazira mu mchenga wa pamthunzi womwe galu wakodzerapo, kapena pa chofunda chonyowa. Mazira amaswa pakatha masiku awiri kapena atatu, kamphutsi n'kuboola khungu, ndipo pakatha sabata ndi masiku pang'ono kamakhala katakula. Mukasisita galu pamimba, m'khwapa kapena pakati pa zala, mumamva tizotupa tolimba. Yang'anitsitsani: kalikonse kali ndi kabowo pakati, ndipo m'kabowomo mumaoneka kanthu kakusuntha. Pakani Vaseline wokhuthala kutseka kabowoko, dikirani mphindi zingapo kuti isowe mpweya, kenako finyani ndi zala ziwiri kuchokera m'mbali, mphutsi yoyera imatuluka yathunthu. Musaifinye ikadali yaing'ono, imaphulikira mkati n'kuchita mafinya. Kagalu kogona pa dothi nthawi ya dzinja katha kukhala nazo makumi angapo. Kupewa kwake n'kosavuta koma n'kotopetsa: agalu agone pa simenti kapena pa kabedi kokwera, zofunda zichapidwe, ziume gwa padzuwa, zisitidwe ndi ayironi yotentha mbali zonse, ndipo bwalo losewerera lisakhale ndi mulu wa mchenga wotsala pomanga.

Chachiwiri ndi nkhupakupa, zomwe mu udzu wa m'mbali mwa phiri zimachuluka mvula ikangoyamba. Matenda ake amapha msanga. Galu amasiya kudya, nkhama zimayera, mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo thupi limatentha kupitirira madigiri 39.5, pamene la galu wabwinobwino limakhala pakati pa 38 ndi 39.2. Khalani ndi choyezera kutentha, ndipo galu aliyense wogonera muzimutukula mlomo m'mawa uliwonse kuona nkhama. Mapiritsi otafuna amagwira bwino kuposa kusambitsa ndi mankhwala: Bravecto amateteza masabata 12, NexGard mwezi umodzi. Ndi odula, ndiye mtengo wake ulowe mu bilu ya kasitomala ngati galu wabwera wosatetezedwa. Amitraz ndi wotchipa, koma sungunulani ndendende monga zalembedwera pa botolo, valani magolovesi, ndipo musamugwiritse pa tiana ta agalu, pa Chihuahua kapena pa mphaka. Mankhwala aliwonse okhala ndi permethrin asayandikire mphaka, amamupha.

Chachitatu ndi chuku. Thumba la chakudya cha agalu lotsegula likakhala m'chipinda chonyowa mu January, pakatha masabata awiri limayamba kununkha nkhungu, ndipo chiphe cha chuku chimaononga chiwindi cha galu ngakhale chakudyacho chikuoneka bwino. Matumba akhale pa mapaleti, masentimita 15 kuchoka pansi ndi 40 kuchoka kukhoma, lotsegula lilowe mu mgolo wa pulasitiki wotseka bwino, ndipo musasunge katundu woposa mwezi umodzi nthawi ya mvula. Chikhalirenso, kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chakudya chochokera ku South Africa chimakwera mtengo komanso chimasowa, ndiye kuunjika matumba n'kumangirira ndalama pa chinthu choti chikavunda mutaya. Agalu akuluakulu ambiri amakhala bwino pa chakudya chophika: magawo awiri a nsima ya mgaiwa kapena mpunga wosweka ndi masamba pang'ono monga maungu ndi kaloti, gawo limodzi la nyama, zam'kati mwa nkhuku kapena nsomba. Apa Zomba ili ndi mwayi, poti matemba ndi mpunga za ku Chilwa zimafika pamsika waukulu. Matemba atsukeni kuchotsa mchenga, ndipo onunkha mankhwala musagule. Mgaiwa ukhale wa chimanga chouma chosankha, osati madeya osesa pachigayo. Anyezi, mafupa ophika a nkhuku ndi mtedza wa macadamia zisalowe mumphika. Tiana ta agalu a mitundu ikuluikulu tokha ndito tiyenera chakudya cha m'thumba, chifukwa mafupa awo amapindika kashiamu akaperewera kapena akachuluka.

Makola omwe amapirira nyengo ya kuno ndi a simenti yosalala koma yosaterera, yotsetsereka masentimita 2 pa mita iliyonse kulowera ku ngalande ya kunja, kuti madzi a chipinda china asadutse m'chipinda china. Chipinda cha galu wamkulu chikhale mamita 2 m'lifupi ndi 3 m'litali, theka lofoleredwa. Pakati pa zipinda pakhale khoma la njerwa lopulasitala lotalika mamita 1.2 kuti agalu asagundanitse mphuno, pamwamba pake waya wolimba mpaka mamita 2, ndi waya wina kudenga, chifukwa galu wachilendo usiku woyamba amakwera ngati mphaka. Mageti akhale awiri, lina kutsogolo kwa linzake. Galu wothawa ku Old Naisi amalowa m'nkhalango, ndipo kumeneko simumupezanso. Khomo la makola lisayang'ane kum'mwera chakum'mawa, komwe mphepo ya chiperoni imachokera. Chipinda chimodzi chikhale pachokha, mamita 10 kutali, cha wodwala. Nyumba za m'mbali mwa phiri muziziyang'ana kumbuyo: madzi otsika kumtunda amadzera pati? Namondwe wa Freddy mu March 2023 anaonetsa anthu a kum'mwera kuno zomwe matope ndi miyala zimachita zikatsetsereka, ndipo khola lomangidwa kunsi kwa khoma lopanda mabowo otulutsira madzi ndi msampha.

Landilodi muuzeni zonse poyera, ndipo zilembedwe m'pangano: agalu angati, makola omanga ndi a ndani mukamachoka, ndi zaka zingati. Pangano la chaka chimodzi silikwanira kubweza ndalama ya simenti. Yenderaninso anansi. Agalu 8 achilendo akayamba kuyankhana 2 koloko usiku, phokoso limamveka mapuloti angapo. Ku Zomba kulinso mabanja ambiri achisilamu, ndipo ambiri mwa iwo safuna kukhudzana ndi galu, ndiye kumanga makola moyandikana ndi mzikiti kapena kudutsitsa agalu panjira yopita kumeneko n'kuputa mkangano wosafunika. Mabanja omwewo ambiri amaweta amphaka, ndipo kachipinda kabata ka amphaka, kutali ndi agalu, n'kotchipa kumanga.

Za mapepala sizichedwa kunena: kulembetsa dzina la bizinesi kuboma, nambala ya msonkho (TPIN) ku MRA, ndi chiphaso cha malo ochitira bizinesi ku Zomba City Council, kapena ku District Council ngati muli kunja kwa malire a mzinda. Ku khonsolo pitani musanamange, chifukwa puloti yokhalamo anthu ndi puloti ya bizinesi amaziona mosiyana.

Pamene Zomba imatidetsa nkhawa kwenikweni ndi pa chipatala cha ziweto. A vetenale a boma alipo ndipo pa katemera wa chiwewe, njoka zam'mimba ndi matenda odziwika amathandiza. Bungwe la Mission Rabies, lomwe mu 2015 linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre, linafikitsanso ntchito yake m'maboma a Zomba ndi Chiradzulu, ndipo zimenezi zathandiza kuti anthu ambiri adziwe za katemera. Koma zipatala zokhala ndi zipangizo za opaleshoni yaikulu, X-ray ndi zoyezera magazi, zambiri zili ku Blantyre ndi ku Lilongwe, kuphatikizapo za mabungwe osamalira ziweto a BSPCA ndi LSPCA. Ola limodzi la pamsewu ndi lalitali zinthu zikavuta. Boerboel kapena Rottweiler akadya kwambiri n'kuthamanga, chifu chimatha kupotoka: mimba imatupa ngati ng'oma, amayesa kusanza koma osatuluka kanthu, ndipo popanda opaleshoni amafa m'maola ochepa. N'chifukwa chake agalu akuluakulu adye kawiri patsiku, pang'onopang'ono, ndipo apume maola awiri asanayende. Tameki ndiye sapereka ngakhale ola. Akuba amaponya nyama yothira tameki pamwamba pa mpanda, galu amachita dovu, kunjenjemera ndi kutsegula m'mimba, ndipo chomupulumutsa ndi jakisoni wa atropine mwachangu. Musanalandire galu woyamba, gwirizanani ndi dotolo wa ziweto wapafupi woti mungamuimbire usiku, ndipo mlonda azizungulira mpanda ndi tochi m'mamawa agalu asanatulutsidwe. Galimoto isagone ndi mafuta ochepera theka la thanki. Tonse tikudziwa mizere ya pa filing'i siteshoni m'dziko muno, ndipo galu wodwala sangadikire pamzere.

Kutalika kwa chipatala kukutanthauza kuti pageti muyenera kuuma mtima. Galu wopanda kabuku ka katemera asalowe, ngakhale mwini wake ndi bwana wodziwika. Katemera wa chiwewe akhale wosapitirira chaka, wa matenda a agalu a parvo ndi distemper akhale wokwanira, ndipo kagalu kakhale katamaliza majakisoni ake atatu, a pa masabata 6 mpaka 8, 10 mpaka 12, ndi 14 mpaka 16. Parvo ikangolowa, kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri, mwina chaka, ndipo mankhwala ambiri onunkhira bwino otsukira pansi sakapha. Chimene chimagwira ndi Jik: kolopani kaye ndi sopo, thirani kapu 1 ya Jik pa makapu 20 a madzi, siyani mphindi 10, tsukuluzani. Pa dothi ndi pa kapinga Jik sagwira ntchito, ndiye tiana tisamatsike pa simenti. Inuyo ndi antchito anu mukabayitse katemera wa chiwewe wodzitetezera, ndipo wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako athamangire ku Zomba Central Hospital tsiku lomwelo.

Tsopano phiri, lomwe ndi chifukwa chonse chosamukira kuno. Kuchoka m'tauni, mphindi 20 kapena 30 pagalimoto mwafika pamwamba, kudutsa anyamata a m'mbali mwa msewu otukula timabasiketi ta sitiroberi ndi mapulesi. Nsonga zake zimapitirira mamita 2,000, ndipo ngakhale mu October, m'tauni anthu akusamba thukuta, pamwamba pamakhala kamphepo. Njira zilipo za mtundu uliwonse. Kuyambira pafupi ndi hotela ya Ku Chawe kutsata mtsinje wa Mulunguzi mpaka ku Williams Falls ndi ulendo wofewa, wamthunzi, woyenera galu wonenepa wa m'tauni amene sanayendepo. Wopita ku Chagwa Dam, Queen's View ndi Emperor's View, pomwe mfumu ya ku Ethiopia Haile Selassie inaima mu 1965, umatenga theka la tsiku. Chingwe's Hole ili kutali chakumadzulo, ndipo m'mphepete mwake ndi phompho, galu asachoke pachingwe. Potato Path, yokwera wapansi kuchokera m'tauni, ndi yoimirira kwambiri. Kwa inu nokha ndi masewera abwino a m'mawa, koma musakwezepo Pug kapena Bulldog, a mphuno zazifupi amabanika.

Kuyendetsa agalu a anthu m'nkhalango n'kosiyana ndi kuyenda ndi wanu. Munthu mmodzi asagwire oposa atatu, aliyense pa chingwe cha mamita 2 ndi lamba wa pachifuwa, osati wa pakhosi yemwe amavuka galu akabwerera m'mbuyo. Nyamukani 6 koloko. Tengani lita imodzi ya madzi pa galu aliyense wamkulu pa maola awiri alionse, ndi kambale kopinda. Mu damu la Mulunguzi galu asalowe, amenewo ndi madzi akumwa a mzinda wonse. Anyani ndiwo oopsa kwambiri: galu wa m'tauni amawathamangitsa poganiza kuti ndi masewera, koma nyani wamphongo amang'amba mimba ya galu ndi mano kamodzi kokha. Mukamva akukuwa kutsogolo, fupikitsani zingwe mubwerere. M'tinjira ta m'tchire mumapezeka misampha ya waya, ndiye m'chikwama musasowe pulayala yodulira, bandeji ndi chomangira pakamwa, chifukwa galu wogwidwa mumsampha amaluma ngakhale mwini wake. Njoka ya mphiri imagona panjira osathawa. Chitedze m'munsi mwa phiri chimauma nthawi ya chilimwe, ndipo chikalowa mu ubweya galu amadzikanda mpaka magazi, inunso pomusambitsa mumva nkhwangwa ili m'mutu. Kuyambira August mpaka mvula yoyamba, moto wolusa umabuka m'minda ya paini, ndipo malo ambiri omwe mitengo inadulidwa alibenso mthunzi. M'misewu ya dothi mumatsika malole a matabwa ndi njinga zodzaza nkhuni zopanda mabuleki odalirika, apatseni njira. Nkhalangoyi ili m'manja mwa Dipatimenti ya Zankhalango, ndipo poti inu mukupangirapo ndalama, kalankhuleni nawo ku ofesi musanayambe. Masabata oyamba lembani mmodzi wa anyamata operekeza alendo omwe amapezeka pamwambapo, njira zachidule ndi malo a anyani amazidziwa.

Pa tsiku lopuma, Liwonde National Park ili pafupi, makilomita pafupifupi 50, koma agalu saloledwa m'malo osungira nyama, ndipo madera a kashembe si abwino kwa iwo, poti amatengako kaodzera. Mulanje, ndi Sapitwa wake wa mamita 3,002, mumafikako kudzera ku Jali ndi Phalombe osazungulira ku Limbe.

Poyerekeza ndi kwina, Lilongwe ndiye kuli ndalama, ndipo wofuna shopu yeniyeni ya zakudya, malamba ndi mankhwala apite kumeneko. Kungoti ndi chigwa, ndipo mapiri a Nkhoma, Dedza, Dzalanyama ndi Ntchisi ndi maulendo a Loweruka, osati a m'mawa musanatsegule. Blantyre ili pakatikati: makasitomala, madotolo ndi katundu zili pafupi, Michiru ali pakhomo, koma lendi ya puloti yaikulu ndi yowawa ndipo madzi muziwerengera thanki ziwiri. Mzuzu ndi yozizira bwino, Viphya ndi Nkhata Bay zili pafupi, koma mvula imatenga miyezi yambiri ndipo katundu amachokera kutali. Zomba tikuipereka kwa munthu amene ali ndi galimoto yodalirika, ali kale ndi makasitomala osachepera 20 a ku Blantyre omukhulupirira, ndiponso ali ndi ndalama yokhalira miyezi 6 osadalira bizinesi. Wopanda chimodzi mwa zitatuzi ayambire ku Blantyre, chakumbali ya Mapanga kapena Njuli, phiri la Zomba azilikwera Lamlungu.

Amene watsimikiza asamuke pakati pa May ndi July. Mvula imakhala itatha, njerwa ndi mchenga zimapezeka, ndipo simenti ya pansi imafuna kuthiriridwa masiku 7 ndi kuuma pafupifupi mwezi agalu asanapondepo, apo ayi mkodzo umaidya n'kuyamba kufumbutuka. Mukatero September ndi October mumayesera ndi agalu awiri kapena atatu, kuona pomwe madzi akuima ndi geti lomwe likuvuta, December asanafike ndi agalu 8 nthawi imodzi. Pa ulendo wosamuka, ndi pa maulendo onse a Lachisanu, galu aliyense akhale m'bokosi lakelake lomangirira bwino, osati womangidwa chingwe kumbuyo kwa pikapu. Asadye maola 6 musananyamuke, nyamukani kusanatenthe, ndipo timabuku ta katemera ndi kalata ya a vetenale zikhale kutsogolo, poti pa rodibuloko atha kuzifunsa.